Gologolo ndi Chimanga Chovala Zipewa

Gologolo anali wachidwi choopsa, moti akaona dzenje ankalowetsamo mutu asanafunse mwini wake. Nkhanga, mnansi wake, ankasunga mbewu ya chimanga cha makolo, yoyera mbee, imene amayi ake anamusiyira. Pafupi ndi munda wa Nkhanga panali labotale ya akatswiri ofufuza za mbewu, ndipo m'menemo munkakhala Mbewa Yoyera, wodziwa zonse ngati wailesi.

Tsiku lina Gologolo anasuzumira pa galasi la labotaleyo, maso tong'o! Chimanga chonse cha m'katimo chinali chitavala zipewa za mapepala kungayaye. Analowa pa kabowo ka paipi.

"Alamu, chimanga chanu chikupita ku ukwati?" anafunsa Gologolo.

Mbewa Yoyera anakhosomola ngati dokotala. "Ehee-ehee! Akumudzi inu. Anthu a majasi oyera anatenga kachidutswa ka chibadwa cha kachilombo kena n'kukaika m'chimangachi, kuti kapuchi akachiluma azifa. Zipewazo n'zotsekera mungu kuti usauluke kupita ku minda ya anthu."

"Nanga ukauluka chimachitika n'chiyani?"

"Ndiye akufufuza zomwezo! Mwina zabwino, mwina zoipa. Eni akewo sanadziwe, ndiye inu musagwire kanthu."

Koma Gologolo, mawu akuti "sanadziwe" anamuyabwa mpaka ku nsonga ya mchira. Mbewa atangotembenuka, iye anakokera njere zofiira psuu za chimanga choyesedwacho m'masaya mpaka mutu unakula ngati dzungu. Anathamanga n'kukazikwirira uku ndi uku m'mbali mwa munda wa Nkhanga, kuti adzaone yekha chimanga chopanda chipewa. Ndiye mukumudziwa Gologolo: pofika mawa lake anali ataiwala maenje onse.

Mvula inagwa, njere zinamera, ngayaye zinatuluka zopanda chipewa. Mphepo nayo siidziwa malire a munda. Mungu unangoti fwaa pa ndevu za chimanga cha Nkhanga.

Nthawi yokolola, Nkhanga anasenda chimanga chimodzi n'kukuwa. "Mayo ine! Mbewu ya amayi yatuluka chikuku!" Pakati pa njere zoyera panali madontho ofiira, ndipo chilichonse chimene ankasenda chinali chimodzimodzi.

Gologolo anafika akudumphadumpha. "Eee, ndiye chimatere? Zokongolatu, mayi! Mawangamawanga ngati inu nomwe!"

"Wati chimatere? Ukudziwapo chiyani iwe?"

Gologolo anayamba kukanda khutu losayabwa.

Anthu a majasi oyera atamva, anabwera ndi galimoto. Anazula munda wonse, chofiira ndi choyera chomwe, n'kuutentha, poti mbewu yosamaliza kuyesedwa siiloledwa kunja. Nkhanga anapatsidwa thumba la mbewu ya kusitolo, koma ya amayi ake inapita ndi utsi.

"Pepani mayi, ndimangofuna kuona," anatero Gologolo, mchira uli pansi.

"Waona tsopano," anayankha Nkhanga. "Unakumba maenje angati?"

Gologolo anawerenga zala, n'kusokonezeka, kenako anathamanga kukafufuza maenje aja. Mpaka lero mukamuona akukumba apa, kuthamanga, kukumbanso apo, musamuseke. Akufunafuna njere zofiira zotsala zisanamere m'munda mwa wina.

Phunziro: Kufunsa n'kwabwino, koma chinthu chimene eni ake akuchiyesabe usachitulutse pakhomo. Mbewu ikagwirizana ndi mphepo, "pepani" saibweza.