Mazira a Nkhanga pa Mvumbi

Nkhanga ndi Thadzi ankakhala moyandikana m'mudzi wa Kamwiri, ndipo mkangano wawo unali wa mazira. Nkhanga anali wosakhazikika. Kuikira ankaikira ndithu, mazira ambirimbiri, koma zoti akhale pansi n'kufungatira ayi, miyendo inkamuyabwa. Choncho chaka chilichonse mvula ikayamba ankanyamula mazirawo m'lichero kukatula kwa Thadzi, iye n'kumapita koyenda.

Thadzi ankawalandira, chifukwa mtima wake unali wabwino, koma pakamwa pake pankasowa mpumulo. Ankalongolola pofungatira, ankalongolola potembenuza mazira, ankalongolola ngakhale pomwa madzi. Tsiku lina zakukhosi zinamufikira ali pamjigo, mudzi wonse uli pamzere ndi ndowa.

"Achemwali, mazira anuwa ndi miyala kapena chiyani?" anatero Thadzi. "Anga amaswa msanga, anuwa mpaka ndiwonjezere sabata yathunthu. Taonani pachifuwa pangapa, nthenga zonse zinatha. Inu muli kumsika, inu muli kuukwati, ine msana ukuthyoka!"

Onse anaseka chikhakhali, ndipo Bakha, amene ankaseka chilichonse, anachita kugwetsa ndowa. Nkhanga manyazi anamugwira mpaka maanga ake anaoneka ngati achuluka. Koma kunyada kunaposa manyaziwo.

"Musavutikenso, achemwali," anayankha atakweza khosi. "Ndikukamanga nyumba yanga paphiri apo. Magetsi anga, madzi anga, ndiwo zanga, ndipo mazira anga azifungatiridwa ndi makina. Simudzandionanso ndikugogoda pakhomo la wina aliyense."

Kunena zoona, maganizowo sanali opusa. Magetsi a m'mudzimo ankathima nthawi imene afuna, ndipo pamjigo pankakhala mzere ndi ndewu. Nkhanga anapita kwa Gulo, katswiri wa za sola, amene ankalidziwa bwino dzuwa popeza iye mwini ankakhalira kuliothera pamwala. Vuto la Gulo linali limodzi: chilichonse chimene wogula wanena, iye ankangogwedeza mutu kuvomera.

Wina asakunamizeni kuti dzuwa ndi laulere. Dzuwalo inde, koma zolikolera zake zimadya nkhokwe. Nkhanga anagulitsa mawere onse, nandolo yense, mikanda imene anamusiyira amayi ake, mpaka kamunda ka kudambo. Zonsezo zinasanduka malata, masola a padenga, mawaya, thanki yotolera madzi a mvula, ndi bokosi lofungatira mazira lomwe linkawatenthetsa ndi kuwatembenuza lokha.

Zitatsala zochepa m'thumba, Gulo anakhosomola. "Mayi, pafunika mabatire awiri," anatero motsitsa mawu. "Limodzi ndi la tsiku ndi tsiku, linalo ndi losungira mphamvu dzuwa likabisala."

"Libisale lipite kuti, paphiri pano?" anafunsa Nkhanga, maso ali pa wailesi yaikulu ya zokuzira mawu ziwiri. "Batire limodzi likwana, si choncho? Chotsalachi ndigule wailesi, a kumudzi azimva kuti kuno kuli moyo."

Gulo anagwedeza mutu.

Ndipo nyumbayo inagwiradi ntchito, abale, inagwira bwino zedi! Mvula yoyamba inadzaza thanki mpaka pakamwa. Madzi otsukira mbale ankatsikira kudimba, komwe mpiru ndi nkhwani zinabiriwira ngati zikupikisana. Kumudzi magetsi akathima, paphiri wailesi inkangolira, Nkhanga akuvina yekha pakhonde fumbi lili koboo.

Ataikira mazira, anawandanda m'bokosi muja n'kutseka. Panayaka kanyale kobiriwira, bokosi n'kumang'ung'udza pang'onopang'ono, osadandaula za msana, osatchula za nthenga. Nkhanga anasangalala kwambiri moti analipsompsona. Tsiku la msika anadutsa dala pakhomo pa Thadzi n'kupereka moni wautali.

"Mwaswera bwanji, achemwali? Msana uli bwanji masiku ano?"

"Uli bwino, zikomo," anayankha Thadzi. "Mundiperekere moni kwa bokosi lanulo."

Masabata anapita, mazira anatsala pang'ono kuswa. Ndiye kunagwa mvumbi, mvula ija yosadziwa kukata, yongowaza kuyambira m'mawa mpaka mawa lake n'kupitiriza. Phiri lonse linafunda mtambo, dzuwa osaoneka ngakhale kamphuno. Tsiku loyamba Nkhanga anatsegula wailesi mokweza kuti athamangitse kusungulumwa, ndipo anavina mpaka thukuta.

Kutacha wailesi inayamba kulankhula ngati yagwidwa chimfine, kenaka inangoti zii. Nkhanga anathamangira kubokosi. Kanyale kobiriwira kaja kanali katafiira, ndipo kung'ung'udza kunali kutasiya. Anapisa phiko m'kati n'kupeza mazira akali ofunda, koma kufunda kwake kunali kwa phala lomwe laiwalika pakhonde.

Mazira akazizira amasukusa, ndipo amenewa anali ana ake onse a chaka chimenecho, otsala masiku ochepa kuti aone dziko. Anatuluka pamvula liwiro la mtondo wadooka kukasaka Gulo, n'kumupeza atadzipanikiza mumng'alu wa mwala, akunjenjemera, mutu wake wabuluu uja utatuwa.

"A Gulo, magetsi athima! Mazira anga akufa! Mubwera mudzakonze, eti?"

Gulo anayesa kugwedeza mutu koma khosi linakana. "Mayi, palibe chawonongeka," anatero mano akuombana. "Batire latha basi. Ine ndi masola anu tili chimodzimodzi: popanda dzuwa, ngakhale chala sindingatukule."

Nkhanga anabwerera kunyumba n'kuyesa zimene sanayesepo chibadwire. Anatulutsa mazira, anawaunjika pa nsanza, n'kukhalapo. Akaphimba a kumanja, a kumanzere ankagubuduka. Akakokera a kumbuyo, a kutsogolo ankasuzumira. Anali ochuluka kwambiri, ndipo iye sankadziwa ngakhale poika miyendo.

Anayang'ana thanki yosefukira, dimba lobiriwira, malata onyezimira, wailesi yake yaikulu ija. Zonse zinali zake, ndipo panalibe n'chimodzi chomwe chokhoza kutenthetsa dzira. Analira, ndipo kulira kwa Nkhanga mukukudziwa, sikukoma m'khutu. Kenaka anafundika mazirawo chitenje chake chatsopano n'kutsetsereka phiri, akuterereka m'matope.

Anafika pakhomo pa Thadzi ali chonyowa, nthenga zitamatirira, akuoneka ngati chisanza chokolopera. Anakumbukira mawu ake a pamjigo aja n'kufuna kubwerera. Koma atakumbukira mazira, anagogoda.

"Odi, achemwali!"

Thadzi anatsegula n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuzala. "Ha! Kodi si aja a magetsi awoawo? Mwasochera?"

"Mazira akuzizira," anatero Nkhanga. "Ndinyozeni mmene mungathere, ndikuyenera. Koma mundinyozere m'njira, chonde, tikuyenda."

Thadzi anali atathyola kale tsamba la nthochi lofunda kumutu. Anaitana Bakha pa mpanda, ndipo Bakha, amene mvumbi kwa iye unali ngati ukwati, anatsogola akuseka ndi kusambira m'zithaphwi zonse za m'njira. Thadzi analongolola phiri lonse osapuma. Anadandaula za matope, za mtunda, za mawondo ake, za anthu omanga nyumba kumene kumakhala akhwangwala, koma miyendo yake sinaime ngakhale kamodzi.

Atalowa m'nyumba, Thadzi anakhudza mazira ndi mlomo limodzilimodzi n'kumvetsera. "Akali moyo," anatero. Anakokera mulu wina pansi pake, wina anapatsa Bakha, koma panatsalabe mulu wachitatu. Thadzi anatambasula mapiko mpaka polekezera, osakwanira.

"Awa ndi anu, achemwali. Khalanipo."

"Ine? Sinditha. Ndayesa, akungothawa."

"Akuthawa chifukwa mukuwakhalira ngati muli pa basi. Pindani miyendo. Tsitsani chifuwa, chikhudze. Tsopano khalani chete, ndipo mukadzuka ndikujomphani."

Masiku otsatirawo anali ovuta kwa Nkhanga kuposa kumanga nyumba yonse ija. Miyendo inachita dzanzi, msana unawawa, ndipo kangapo konse anayamba kunyamuka n'kukumana ndi diso la Thadzi. Koma m'nyumbamo munali mosadontha, madzi anali pafupi, ndipo ankasinthana kutuluka kukathyola mpiru kudimba. Wailesi itakhala chete, Bakha ndiye anakhala wailesi: ankafotokoza nkhani za mudzi wonse, akuseka asanafike n'pothera pomwe, mpaka Thadzi naye anaiwala kulongolola n'kumagwira nthiti.

M'mawa wina mtambo unang'ambika, dzuwa n'kugwera pamalata. Posakhalitsa kanyale kaja kanabiriwiranso, bokosi n'kuyamba kung'ung'udza. Gulo anafika atatenthedwa bwino, mutu uli buluu ngati kale, akugwedeza asanafunsidwe kanthu.

"Mayi, mphamvu yabwera. Mutha kubwezera mazira m'bokosi."

Thadzi ndiye anayamba kudzuka. Anaika mazira amene ankafungatira aja m'katimo, anapisa phiko kuti amve kutentha, ndipo anasuzumira kwa nthawi yaitali. "Ndiye kuti chinthuchi chimachita zonsezi chokha, mwini wake ali kumsika?" anafunsa. "Achemwali, zaka zonsezi ine ndimathera nthenga pachabe! Chaka chamawa anga abwera kuno, ndipo musayerekeze kukana."

Bakha naye anabweza ake, anadziwongola, n'kuthamangira kuthanki kukasamba. Onse anatembenukira kwa Nkhanga, poganiza kuti iyeyo ndiye adumphe woyamba. Koma Nkhanga anakhalabe pomwepo, maso atatong'ola, khosi lili njo.

"Dzukanitu, mwamasuka," anatero Thadzi.

"Takhalani chete kaye," ananong'ona Nkhanga. "Pali wina akugogoda pansi panga."

Kunalidi kugogoda, kwakung'ono, kobwerezabwereza, pachifuwa pake penipeni. Nkhanga anali ataberekapo ana ambiri, koma onse ankawapeza atauma kale, akuyenda pambuyo pa Thadzi. Tsiku limeneli chikamba chinasweka iye akumva, ndipo kamutu konyowa kanatulukira m'nthenga zake n'kumuyang'ana. Nkhanga anaseka, kenaka analira, kenaka anachita zonse ziwiri nthawi imodzi.

Pofika masana nyumba yonse inali piyepiye. A m'bokosi anaswa, a pansi pa Nkhanga anaswa, kupatula mazira awiri a m'mphepete omwe anazizira tsiku limene batire linatha lija. Nkhanga anawakwirira kudimba mwakachetechete, podziwa kuti awiriwo anawagulitsa yekha tsiku lomwe anasankha wailesi. Sabata yomweyo anaisenza wailesiyo kupita nayo kwa Gulo, n'kubwerako ndi batire lachiwiri.

Chichokereni nthawi imeneyo, njira ya kuphiri sinamerenso udzu. Athadzi a m'mudzi ankakwera ndi mazira awo kudzaika m'bokosi, aliyense atanyamula kambale ka chimanga, ndipo nkhokwe ya Nkhanga inadzazanso. Mvumbi ukachuluka mpaka mabatire onse awiri kufooka, ankakwera okhaokha osaitanidwa, masamba a nthochi ali kumutu, n'kudzakhala pamazira akucheza. Nkhanga sanasiye kuyendayenda, chifukwa chibadwa sichichoka, koma tsopano kulikonse kumene wapita ankatsatidwa ndi mzere wa tiana timene tinkamudziwa fungo.

Phunziro: Nyumba yodzidalira ndi yabwino, koma poimanga uziganizira masiku opanda dzuwa, osati a dzuwa okha. Yamba wagula zofunika, zokometsera zidzabwera pambuyo. Ndipo ngakhale uli ndi magetsi ako, madzi ako ndi dimba lako, usatseke njira yopita kwa mnzako, chifukwa tsiku lina chimene udzasowe chidzakhala kufunda kwa iyeyo.