Dzenje la Nachisale

Ana inu, musamaganize kuti miyambi imangogwa ngati mvula. Uliwonse uli ndi munthu amene anaulirira misozi, ndipo wa lerowu anaulirira ndi Nachisale.

Nachisale anali mayi wamasiye. Anabwera m'mudzimo pachitengwa, choncho analibe mbale ngakhale mmodzi. Mwamuna wake anamusiyira makina ofinyira mafuta a mpendadzuwa, ndipo makinawo ndiwo anali munda wake. Alimi ankamugulitsa mpendadzuwa, iye n'kufinya, n'kukagulitsa mafutawo kumsika.

Akafinya, pankatsala zotsala zakuda zimene nkhumba zimanenepa nazo. Koma Nachisale anali atamva kuti munthu akatola zotsala za pamakina ako, amapita nazo kwa sing'anga n'kukukawira phindu lonse. Tsono anakumba dzenje kuseri kwa nyumba n'kumazikwirira. Mlendo sankamulola kufika pafupi, mpaka anthu anasiya kuodira pakhomopo.

Chilimwe china kunabwera Nagama, mnansi wake woweta nkhumba.

"Odi, mayi! Gaga wasowa, nkhumba zanga zangotsala mafupa okhaokha. Tandigawireniko zotsala zanuzo."

"Pepani, zatha," anayankha Nachisale, kwinaku atatsekereza pakhomo kuti mnzake asaone thumba lodzaza kumbuyo kwake.

Nagama anawoloka mtsinje kupita kwa a Gwaza, amenenso ankafinya mafuta.

"Tengani, mayi, zikungondithera malo," anatero a Gwaza.

Mbiri inamveka, ndipo oweta nkhumba onse analowera komweko. Nkhumba zinanenepa, manyowa ake anapita m'minda, ndipo mpendadzuwa unabereka mitu ngati malichero.

Nthawi yokolola itakwana, Nachisale anatsuka makina, nasesa pabwalo, nakhala pansi kudikira. Ankamva ngolo zikudutsa kumsewu, koma palibe imene inakhotera kwake. Ine ndimamumvera chisoni mayiyu, chifukwa sanali woipa mtima, anangokhala wamantha. Mabotolo ake onse atauma, anadzuka n'kupita kwa Nagama.

"Anzanga, ndakulakwirani chiyani? Chaka chino palibe wandigulitsa ngakhale kambale kamodzi."

"Simunatilakwire, mayi," anatero Nagama. "Koma mpendadzuwawu wakula ndi manyowa a nkhumba zathu, ndipo nkhumbazo zinapulumuka ndi za a Gwaza. Ndiye tiupereke kwa ndani? Iwo anaika mwa anthu, inu munaika m'dothi. Kupatsa n'kuika."

Nachisale anabwerera kunyumba, nakhala pafupi ndi makina ake ali zii, nalira. Panalibe sing'anga amene anamukawira. Anali atakwirira phindu lake ndi khasu lake lomwe.

Kuyambira pamenepo anthu amati, "Kupatsa n'kuika." Tanthauzo lake n'lakuti chimene wapatsa mnzako sunataye, wasungitsa, ndipo chidzabwera tsiku limene iwe wasowa. Ngakhale chimene ukuchiona ngati chinyalala chili ndi wochifuna. Chotayika chenicheni ndi chimene wamana.