Nthenga za Padzala

Panali mayi wina amene ankakhala ndi mwamuna wake kuphiri, pafupi ndi mtsinje wa madzi ozizira. Mumtsinjemo munali nsomba zamawanga zimene alendo ankabwera kudzawedza nyengo yake ikakwana. Sankawedza ndi nyongolotsi ayi. Ankawedza ndi nyambo ya nthenga, kambedza kokulungidwa ndi ulusi ndi nthenga, kooneka ngati kachirombo kamene kagwera m'madzi.

Mwamunayo ndiye ankagulitsa nyambozo. Anali ndi bokosi lathabwa lodzaza ndi nthenga za atambala akunja, zonyezimira, zolimba. Munalinso ulusi wamitundumitundu ndi kachitsulo kopanira mbedza. Anthu ankati, "Bambo uja ali ndi luso." Sankadziwa, kapena sankafuna kudziwa, kuti maso a bamboyo anachita khungu kalekale, ndipo zala zimene zinkamanga nyambo zinali za mkazi wake.

Mwamunayo anamwalira. Amayi anzanga, zimene zinatsatira simufuna kuti ndikuuzeni, enanu zinakuonekerani. Abale a malemu anabwera akulira, anabwerera atasenza. Njinga inapita. Matiresi anapita. Mipando, mapoto, ngakhale keteni ya pakhomo. Mkulu wake wa malemu anakolekera bokosi lija kukhwapa. Asananyamuke anati wamva njala, ndipo anapha thadzi lokhalo limene mayiyo anali nalo, lamawangamawanga, nalidyera pakhonde pomwepo. Ine ndikafika apa mtima umandiwawa, chifukwa munthu ameneyu ananyambita zala pamaso pa namfedwa.

Atasamba m'manja anati, "Alamu, musaone ngati takutayani. Bokosili ndikukakusungirani. Alendo akamayamba kufika ndidzabwera nalo, ndidzakutengeni mukakhale mkazi wanga wamng'ono. Inu muzikamanga, ine ndizikagulitsa. Kupanda apo mudya chiyani kuno? Mphepo?"

Mayiyo sanayankhe. Mlamuyo anatenga kukhala chete ngati kuvomera. Amuna ambiri amaphonya pamenepa.

Anthu atabalalika, mayiyo analowa m'nyumba naona zimene zinatsala. Panali wailesi yakufa, imene aliyense anaigwedeza n'kuibwezera pansi. Pamsomali panali chipewa cha malemu chong'ambika, chimene palibe anachifuna. Koma m'mphepete mwa chipewacho munali nyambo zakale zothothoka, zimene malemu ankazibaya pamenepo akachoka kumtsinje. Mayiyo anazizula, nazipala ndi lumo mpaka kutsala mbedza zokhazokha.

Kachitsulo kopanira kanapita, choncho anang'amba nsungwi, nalowetsa mbedza pamng'alupo, namanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Anaswa wailesi ija natulutsamo waya wofiira, wopyapyala ngati tsitsi. Kenako anapita kudzala. Nthenga za thadzi lake zinali pomwepo, zosakanizika ndi phulusa. Anazitola, nazitsuka, naziyanika palichero.

Chinatsala n'chimodzi: ulusi. M'nyumba monse munalibe ngakhale wosokera batani. Anakhala pansi, nayang'ana nsalu yakuda imene anavala polira mwamuna wake. Anagwira m'mphepete mwake, nasolola ulusi umodzi wautali.

Mayi wina woyandikana naye anamupeza akusolola wachiwiri, nagwira pakamwa. "Mayi, mwatani kodi? Nsalu yamaliro imeneyo! Anthu akamva ati mwanyoza malemu."

"Anene," anatero mayiyo osakweza mutu. "Malemu ananyozeka tsiku lija matiresi awo anakwera pamutu pa m'bale wawo. Nsaluyi ndalira nayo. Tsopano ndidya nayo."

Anapaka ulusiwo phula la njuchi, naukulunga pambedza kuti likhale thupi la kachirombo. Pamwamba pake anazunguliza waya uja. Ndiye anatenga kanthenga kamodzi ka pakhosi pa thadzi, nakamangirira kunsonga, nakazunguliza pafupi ndi diso la mbedza. Nthenga ya thadzi si ya tambala. Siimirira, imagona. Nyambo zoyamba zinamasuka m'manja mwake. Zina zinapindika. Analira, osati ndi chisoni koma ndi ukali, napukuta misozi, nayambanso. Imene inagwira sinali yokongola. Inali ngati kachinyalala kothothoka patsache.

Anapita nayo kumtsinje masana dzuwa likuswa mtengo, ali m'nsalu yake yakuda, anthu akumuyang'ana. Anadula ndodo, namangirira chingwe, naponya. Nyambo za m'bokosi lija zinkayandama pamwamba pa madzi monyada. Iyi inamira pang'ono. Ndipo itamira, tinthenga tofewa tija tinayamba kutseguka ndi kutsekeka, madzi akamatikankha, ngati miyendo ya kanthu kamoyo kamene kakuvutika kusambira. Mayiyo anaimirira n'kumangoyang'ana. Zaka zonse zija ankataya nthenga zotere pamodzi ndi matumbo. Asanamalize kudabwa, chingwe chinakungika.

Nyengo ya alendo itayandikira, mlamu uja anatulukira. Bokosi kukhwapa, jekete ya malemu pathupi, manja a jeketeyo osamufika n'komwe m'mikono. Anapeza mayiyo ali pakhonde, nsungwi yake ili pakati pa maondo, nyambo zatsopano zitandandalikidwa palichero.

"Odi alamu! Ndabwera monga tinapanganira."

"Munapangana ndi ndani?"

Mlamuyo anaseka, naika bokosi pansi, nalitsegula kuti nthenga zakunja ziwale padzuwa. Kenako analoza palichero. "Nanga tinyansi iti n'ta chiyani? Mukuti mlendo angagule timeneti?"

Mayiyo anatola kamodzi namuika m'dzanja. Mlamuyo anakasisita ndi chala. "Ha! Kofewa ngati bweya bwa mwanapiye. Kopanda mphamvu aka." Ndipo pofuna kuonetsa kuti n'kachabechabe, anafumbata dzanja kuti akafinye.

Anakuwa. Mbedza inalowa m'chikhatho mpaka pokowera pake.

"N'kofewa ndithu, alamu," anatero mayiyo. "Nthenga zake ndi za nkhuku yanga munadya ija. Ulusi wake ndi wa nsalu yolirira mng'ono wanu. Tambasulani dzanja ndikuzuleni, mbedzayo ndikuifuna."

Anaizula, naipukuta, naibwezera palichero. Kenako anatseka bokosi lija ndi phazi, nalikankhira kwa iye.

"Nyamulani. Munalitenga pamaliro, likhale lanu. Muzimanga nokha."

"Koma alamu, ine sinditha kumanga."

"Ndikudziwa."

Mlamuyo anatsika phiri ndi bokosi lodzaza, akuyamwa chikhatho.

Musandifunse ngati mayiyo analemera. Sanalemere. Alendo ena anaseka nyambo zake n'kudutsa, ena anayesa n'kudzabweranso. Masiku ena anagona ndi njala. Koma anagona m'nyumba yake, ndipo chitseko ankatseka yekha.

Tsono amayi anzanga, inu amene mwakhala pano m'nsalu zakuda, ndimvereni. Adzabwera okuuzani kuti moyo wanu wonse unali m'bokosi limene anyamula, ndipo kuti alibweze muyenera kugwada. Ndi bodza limenelo. Bokosi silinamangepo nyambo chilengedwere. Akapita, lirani, pakuti n'zowawa, ndipo ine sindikuuzani kuti musalire. Koma mukatha, dzukani mukaone kudzala zimene anaziyesa zinyalala. Zala zanu sananyamule.

Ndipo inu abambo mwakhala kumbuyoko, amene mwayamba kuyang'ana pansi, nanunso ndikunena nanu. Mukadzaona namfedwa ali chete, ali wofatsa, wofewa, musathamangire kufumbata dzanja. Yambani mwafunsa chimene chili m'kati mwa nthengazo.