Mbale Zitatu Pamphasa ya Lufeyo

Kalekale, koma osati kale la mauta ndi mikondo, kale lomweli limene matenda a shuga anatopa ndi mabwana a m'tauni n'kuyamba kutola ife akumudzi, kunali munthu wina dzina lake Lufeyo, mwana wa kwa Mbewe. Ankakhala kuseri kwa Mponela. Ntchito yake inali ya ngolo. Ankatuta njerwa, mchenga ndi fodya wa eni ake, ndipo nyumba zambiri za pamsika paja zinamangidwa ndi njerwa zokokedwa ndi ng'ombe zake. Lero mukafunsa eni nyumbazo, palibe angakuuzeni dzina lake. Anthu ndi otero.

Mkazi wake anali Nangondo, amene anamutenga chitengwa n'kudzakhala naye pamudzi wa kuchimuna. Ana amene anakula anali awiri. Wamkulu anali Esinta, yemwe ankaphikira banja lina lolemera ku Lilongwe. Wamng'ono anali Yotamu, wopha mbuzi ndi kukazinga nyama pachiwaya pamsika.

Lufeyo anali munthu wathupi, wodya monga anamulerera makolo ake: nsima yambiri, ndiwo kungosunsa. Munthu wankhuli ankamuyesa wosaleredwa. Koma atayamba imvi, ludzu linamugwira losatha, kukodza kosalekeza, maso chimbuuzi. Tsiku lina ng'ombe inamuponda chala chakuphazi, ndipo balalo linakana kupola. Linanyeka, linayamba fungo. Kuchipatala anamuuza akuyang'ana pepala, osati nkhope yake:

"Ndi shuga, madala. Muzimwa mapilitsi awa. Bala ili likapanda kupola, phazi tidula."

Lufeyo anabwerera kunyumba. Sankafuna zambiri. Ankangofuna kukhala ndi moyo, aziyenda ndi mapazi ake awiri kumbuyo kwa ng'ombe zake.

Woyamba kumuthandiza anali Esinta. Atamva uthenga anapempha tchuthi n'kufika ndi thireyi ya mazira pamutu.

"Ababa, abwana anga anali ndi matenda omwewa," anatero. "Anasiya nsima, mpunga, buledi, mbatata, zonse. Amadya nyama, mazira, nsomba ndi masamba basi. Pano akuthamanga ngati mnyamata."

"Ndiye kuti sadya?"

"Amadya, ababa. Ndangotchula kumene."

"Watchula ndiwo, mwanangu. Ine ndikufunsa za kudya."

"Ababa, mukufuna nsima kapena phazi?"

Lufeyo anayang'ana phazi lake, ntchentche zikulizungulira. Esinta anatsekera ufa m'chipinda cha amayi ake. Bala ankalitsuka yekha m'mawa ndi madzulo, osatseka mphuno. Lufeyo ankadyera kuseri kwa nyumba, chifukwa ankachita manyazi kuti anthu amuone mwamuna wamkulu akudya ndiwo zokhazokha ngati galu wakuba. M'mimba munkalira, miyendo inkalemera, koma mwezi usanathe maso anayamba kuyera. Mimba inatsika. Bala linauma m'mbali, linatseka, ndipo akuchipatala anasiya kutchula mpeni. Phazi linatsala.

Koma Esinta sanawauze akuchipatala aja zimene anasintha pa kadyedwe ka bambo ake, ndipo iwonso sanafunse. Mapilitsi otsitsa shuga Lufeyo ankamwabe monga kale. Ponyamuka Esinta anasiya lamulo: "Nyama adye mmene angathere. Nsima asaiyandikire." Ana a masiku ano amalamula ataimirira, chikwama chili kale paphewa.

Wachiwiri anali Yotamu. Zakudya za abwana a ku Lilongwe zimafuna thumba la abwana a ku Lilongwe. Mazira anatha, nkhuku za pakhomo zinatha, nyemba zinatha. Lufeyo anatsala ndi nkhwani wamadzi. Anaonda mpaka buluku ankamangira luzi, ndipo tsiku lina analephera kukweza goli pakhosi pa ng'ombe. Anakhala pansi m'khola momwemo. Yotamu anamupeza ali choncho.

"Bambo anga afe ndi njala ine ndikupha mbuzi tsiku ndi tsiku?" anatero mnyamatayo, misozi ili m'maso. "Anthu adzanditi chiyani?"

Kuyambira pamenepo sankabwera chimanjamanja. Lero chiwindi, mawa nthumbwana, mkuja nthiti, zonse zokazinga m'chiwaya chake, zothira mchere ndi tsabola monga amakondera anthu a pamsika. Nyama yabwino imene akanagulitsa ankaisunga m'pepala kuti, "Iyi ndi ya ababa." Geni yake inalowa pansi. Mkazi wake anadandaula, anatopa, anatenga ana n'kupita kwawo. Yotamu sanaleke.

Mphamvu zinabwerera. Lufeyo anamanganso ng'ombe, ndipo akamadutsa pamsika anzake ankamukuwa:

"A Mbewe, mwasanduka fisi kodi? Mbuzi zikukuthawani m'mudzi!"

"Fisi wa mapazi awiri," iye ankayankha akuseka. "Bwerani muwawerenge."

Koma madzulo mapazi omwewo ankatupa, nsapato osavuka. Mutu unkagunda ngati mtondo. Mkodzo unkachita thovu. Lufeyo sanauze munthu. Akanayamba bwanji kudandaula za nyama imene inathetsa banja la mwana wake?

Wachitatu anali Nangondo. M'mawa wina anakwera nawo ngolo kupita kudambo, iye kukamweta udzu, mwamuna wake kukakumba mchenga. Lufeyo anali atamwa mapilitsi ake, m'mimba muli kanyama kamodzi ka dzulo. Dzuwa litakwera anayamba kunjenjemera. Thukuta lozizira linamutsika, anayamba kuitana ng'ombe ndi mayina a anthu akufa, kenaka anagwada n'kutsamira gudumu la ngolo. Kudambo kunalibe munthu wina. Nangondo analibe mankhwala, analibe sukulu. Anali ndi kachigubu ka thobwa lake lotsekemera. Anamugoneka mutu pachifuwa pake n'kumamumwetsa pang'onopang'ono, akumuitana:

"A Mbewe, mezani. Bambo a Esinta, musandisiye kuthengo kuno, mezani!"

Anameza. Patapita kanthawi maso anabwerera m'malo mwake.

"Nangondo," anatero, "ndinali nditapita."

Akuchipatala anadzavomera pambuyo pake kuti shuga anali atatsikitsitsa, ndipo thobwalo ndi limene linamubweza. Koma tsiku limenelo Nangondo anaphunzira chinthu chimodzi chokha: kuti mwamuna wake akuphedwa ndi njala, ndipo chakudya cha chimanga ndiye moyo. Anati mumtima, ana aziphunzira, koma mwamunayu ndinamupeza iwo kulibe. Atafika kunyumba anatseka chitseko cha khitchini, n'kumuikira mtanda umodzi m'manja. Lufeyo anaudya akulira.

Mtanda umodzi unabala iwiri. Mbatata yootcha inkalowa m'thumba la jekete, thobwa linkabisala pansi pa mpando wa ngolo. Nkhalamba ziwirizo zinkaba chakudya m'nyumba mwawo momwe, zikuseka chapansipansi ngati anthu a chibwenzi. Esinta akaimba foni n'kufunsa kuti, "Akutsatira, amayi?" Nangondo ankati, "Akutsatira, mwanangu." Nyama ya Yotamu ikabwera, Lufeyo ankadyanso yonse, pakuti kukana mbale ya munthu ndi kukana munthuyo. Ankameza mapilitsi a akuchipatala, ankavomera lamulo la mwana wamkazi, ankadya nyama ya mwana wamwamuna ndi nsima ya mkazi wake. Aliyense ankagona mokondwa kuti akumuchiritsa.

Mvula itayamba, nkhope ya Lufeyo inatupa mpaka maso analowa. Ankasanza chilichonse. Bala lija linatsegukanso. Anamunyamula pangolo yake yomwe kupita kuchipatala, Esinta atabweranso, ndipo dokotala wina wachinyamata atamuyeza anawaitanira pakhonde onse atatu.

"Impso zatopa," anatero. "Shuga ndiye anayamba kuzidya, mwina kalekale inu musanadziwe n'komwe. Nyama yambiri ndi mchere pa impso zodwala kale zili ngati kusenzetsa njerwa ng'ombe yotsimphina. Komanso shugayo wakweranso kwambiri."

"Ndiye chawapweteka kwenikweni n'chiti?" anafunsa Esinta.

"Sindingathe kupatula, mayi. Kuchepetsa nsima kunawathandiza, zimenezo n'zoona. Koma mukanabwera tikanayeza impso kaye, tikanasintha mapilitsi, tikanakuuzani muyezo wake."

Mukanabwera! Ngati kuti pamene ankabwera panali amene anawafunsa zimene akudya. Dokotalayo anati makina otsuka magazi ali mumzinda, ndipo anthu odikira ndi ambiri. Mzere umenewo munthu wa ngolo safika kutsogolo kwake. Anamubweza kunyumba.

Lufeyo anagona pamphasa m'chipinda, ndipo khoma la nyumba yake linali lopyapyala. Anamva zonse.

"Amayi, munandinamiza," ankalira Esinta. "Ine kusiya ntchito, kutsuka mafinya ndi manja angawa, inu n'kumawapatsa nsima kuseri!"

"Iwe unali kuti tsiku limene anagwa kudambo?" anayankha Nangondo. "Mazira ako akanamudzutsa? Unamusiya munthu wopanda kanthu m'mimba, akumwa mankhwala ngati nkhuku yotola mchenga."

"Akanadya zimene ndinanena..."

"Zimene munanena ndi zimene ndinachita, achemwali," analowerera Yotamu. "Munati nyama adye mmene angathere."

"Ndinati nyama, iwe Yotamu! Sindinati chiwaya chonse ndi mchere wake!"

"Munatumizako nkhuku ngakhale imodzi? Ine banja langa linathera pa mbale ya ababa."

Akukangana choncho anafika Nambewe, mlongo wake wamkulu wa Lufeyo, mayi wamkulu wa pamudzipo. Iye sanamukondepo mlamu wake Nangondo chiyambire. Anamvetsera atatsamira ndodo, anthu a pamudzi atadzaza pabwalo, kenaka anati:

"Mlongo wanga sanali wodwaladwala. Mwamudyetsa ngati nkhumba ya anthu atatu, wina uku, wina uku, ndipo mmodzi wa inu wamupha. Kwathu kuno timati munthu amene ali paulendo sayamba kudya cha m'manja mwa amene wamupweteka. Akadzapempha chakudya, aliyense aphike chake. Mbale imene dzanja lake liyambire, mwini wake ndi woyera. Otsalawo adzatiuza bwino maliro akatha."

"Alamu, mawu amenewo ndi olemera," anatero Nangondo.

"Bokosi ndi lolemera kuposa pamenepo," anayankha Nambewe.

Lufeyo anafuna kukuwa kuti asiye zimenezo, koma mawu ake anali atatsala ngati a mwana wa mphaka. Anayesa kumuuza mlongo wake atalowa, ndipo Nambewe anangomusisita pamphumi n'kuti, "Gonani, achimwene, musadzivute." Munthu ukakalamba n'kudwala, amakusisita, sakumvera.

Anapirira masiku angapo osapempha kanthu, pofuna kuti mlanduwo ufe wokha. Koma m'mawa wina anadzuka mutu uli mbee, ululu utachepa, monga zimachitira nyali ikatsala pang'ono kuzima. Pakamwa panamutsogolera asanaganize. Anati, "Ndikumva kanjala."

Posakhalitsa mbale zitatu zinali pamphasa. Esinta anagwada ndi dzira lowiritsa ndi masamba opanda mchere. Yotamu anaika kachiwindi kofewa m'msuzi, ulendo uno kophika m'madzi, ndipo sanathe kuyang'ana bambo ake kumaso. Nangondo anaika kamtanda kakang'ono ngati dzira la njiwa, n'kukhala kumiyendo, akusisita phazi lotupalo. Nambewe anakhala pakhomo, ndipo kumbuyo kwake mitu ya anthu inatseka kuwala.

Lufeyo anawayang'ana mmodzimmodzi. Akapanda kuyamba ndi mbale ya Esinta, mwanayo adzabwerera ku Lilongwe ndi dzina la wopha bambo ake, ndipo sadzapondanso pamudzi pano. Akapanda kuyamba ndi ya Yotamu, ndani adzagulenso nyama pachiwaya chimene chinapha bambo ake omwe? Mnyamatayo anali atataya kale mkazi ndi ana. Akapanda kuyamba ndi ya Nangondo, Nambewe adzamupitikitsa maliro akangotha, nkhalamba yopita kumudzi kumene onse omudziwa ali kumanda. Akakana zonse, ndiye kuti wawapachika onse atatu. Mumtima mwake sankapeza wolakwa. Popanda woyamba akanakhala wopanda phazi, popanda wachiwiri akanafera m'khola, popanda wachitatu akanatsala kudambo. Ndipo onse atatu, ndi iye yemwe wachinayi, anamufikitsa pamphasa imeneyi.

Anasamba m'manja. Madzi anadontha kuzala. Anatukula dzanja.

Ine nkhaniyi ndaitula pano, chifukwa milandu ya nkhalamba mumaidziwa ndinu amene mumatiphikira. Tsono tandiuzani, inu amene mwamva zonse: dzanja la Lufeyo liyambire mbale ya yani, ndipo awiri otsalawo muwauza kuti analakwa chiyani?