Ndani Agone ndi Mwatitha?

Kalekale, koma osati kale loti n'kuiwalika, kunali mtsikana wamng'ono dzina lake Mwatitha, amene ankadwala matenda akugwa. Matendawo ankakonda kumubwerera usiku. A dokotala anachenjeza makolo ake kuti, "Akayamba kuphupha, mumugoneke cham'mbali msanga. Mukachedwa atsamwa, ndipo kukacha mudzamupeza atazizira."

Mawuwo anawalowa m'mafupa mayi ake, Nasimango. Anang'amba kansalu kakatali, nsonga ina n'kumanga pamwendo wa mwana, ina padzanja lawo. Mwana akangogwedezeka, iwo dzambatu! Miyezi itatu inatha asanalawe tulo, mutu n'kuyamba kusokonekera. Tsiku lina anamwetsa mwana mankhwala kawiri, ataiwala kuti am'patsa kale. Mwatitha anagona tsiku lathunthu ali lobodo, banja lonse mtima uli m'mwamba.

Mng'ono wa Nasimango, Esinati, anati, "Achemwali, mutiphera mwana. Bweretsani kansaluko, inu mukagone." Esinati mutu wake ndi wogwira, nthawi ya mankhwala saphonya. Koma tulo take, abale inu, n'tofa nato! Usiku wachitatu kansalu kanakoka mpaka kumusupula khungu, iye akungoliza mkonono. Anthu anadzutsidwa ndi ndowa imene mwana anaimenya ndi mwendo. Anamupeza mwanayo milomo itayamba kale kuda.

Bambo a mwanayo, a Kamtedza, anati, "Ine ndalondera sitolo zaka khumi, kusinza sindikudziwa. Ndisiyireni." N'zoona, anachezera maso ali gwa. Koma mwana atayamba kuphupha, manja awo anauma. Paja mng'ono wa a Kamtedzawo anamwalira ndi matenda omwewa iwo akuona, ali anyamata. Anangoima chilili, pakamwa yasa, ngakhale mawu oitanira anthu osatuluka. Mwayi wake Nasimango anali asanagone, amamvetsera kuseri kwa chitseko, ndipo ndi amene anamutembenuza mwanayo.

Tsopano dzuwa lapendeka. Mwatitha wayamba kutentha thupi, ndipo akatero m'nyumbamo amadziwa kuti usiku wake sukhala wabwino. Nasimango akuona zinthu ziwiriziwiri, koma akukanirira kuti, "Mwana wanga sindim'siyanso." Esinati akungolira. A Kamtedza awerama, sakuyang'ana munthu kumaso. Ine ndemwe ndikukamba nkhaniyi, mantha andigwira.

Nanga inu mukumvanu, mdima ukugwa uwu, Mwatitha mum'siya m'manja mwa yani: mayi wodzuka msanga koma mutu utatopa, Esinati wosaiwala koma wosadzuka, kapena bambo wosagona koma wouma manja?