Telala Amene Anati Sakudziwa

Panali munthu wina m'tauni, telala, dzina lake Zakeyu. Ankasoka pakhonde la sitolo ya mwini. Kunyumba ankakhala ndi mkazi wake, mwana wawo wamkazi amene anali atatomeredwa, ndi mayi ake okalamba, a Nangozo.

A Nangozo anayamba kuiwala. Poyamba unali mchere wa m'ndiwo, kenako njira ya kumjigo. Pambuyo pake anaiwala Zakeyu yemwe, n'kumamutcha achimwene, pomuyesa mlongo wawo amene anamwalira kalekale. Ankalowa m'mipanda ya eni, nakhala pansi ngati pakwawo. Anthu anayamba kunong'onezana.

Tsiku lina Zakeyu, pochokera kogula ulusi, analowa mu laibulale ya m'tauniyo. Chakumbuyo kunali shelefu ya mabuku a zaumoyo okhaokha: a shuga, a khunyu, a osamalira odwala pakhomo. Mayi wogwira ntchito pamenepo anamvetsera nkhani yake, namusankhira kabuku ka Chichewa.

"Bwerekani aka, bambo," anatero mayiyo. "Mukawawerengereko abale ndi oyandikana nawo. Loweruka pamakumananso pano anthu osunga makolo otere."

Zakeyu anakawerenga atakabisa pansi pa nsalu, pambali pa makina. Zonse zimene mayi ake ankachita anazipezamo. Kabukuko kanati ndi matenda a ubongo amene amagwira okalamba ena, si ufiti, si temberero. Anapukuta misozi ndi chigamba. Mtima wake unatsika, koma pakamwa anatseka. Ankaopa kuti akuchimuna akamva za matenda a m'mutu adzati ndi misala ya kumtundu, ukwati wa mwana wake n'kutha. Loweruka linafika, iye sanapite. Ngakhale mkazi wake sanamuuze.

Ndiye khanda la nyumba yoyandikana nayo linadwala malungo aakulu. Mayi wa khandalo atabwera kuchokera kuchipatala masana kudzatenga zosintha, anapeza a Nangozo mumpanda mwawo, atafungata timalaya ta khandalo timene anachotsa pachingwe. Mayiyo anakuwa. Anthu anakhamukira pomwepo, ndipo wina anathamanga kukaitana telala.

Zakeyu anafika thukuta lili kamukamu. Mayi ake anali pakati pa khamu, akumwetulira aliyense. Bambo wa khandalo anatambasula manja kuletsa anyamata amene anali atatola kale zidutswa za njerwa.

"A Zakeyu, takhala nanu bwino zaka zonsezi," anatero. "Tiuzeni zoona, ife timva. Mayi anuwa n'chiyani chimawachititsa zimenezi?"

Zakeyu anali nalo yankho lonse pamlomo. Atakweza maso, anaona amalume a mnyamata wotomera uja ataima kumbuyo, manja ali m'thumba, akumvetsera.

"Inenso sindikudziwa," anatero Zakeyu.

Mawuwo anayenda m'khamumo. Ngati mwana wawo wobala yekha sakudziwa, ndiye kuti zilipo. Bambo wa khanda anatsitsa manja. Zakeyu atadziponya pakati n'kuyamba kufuula kuti ndi matenda, kuti anawerenga, panalibenso womumva.

A Nangozo anagonekedwa m'chipatala, mutu uli m'mabandeji. Zakeyu anakhala pambali pa bedi, osadya. Mawa lake a Nangozo anatsegula maso, namugwira dzanja.

"Achimwene," anatero motsitsa, "mukawauze anthu aja asakwiye. Ndimangoanula zovala za mwana. Kunali mitambo."

Awa anali mawu awo omaliza. Khanda lija linachira ndi mankhwala a kuchipatala, ndipo ukwati unachitika monga anapangana. Zakeyu anasoka yekha diresi la mwana wake. Paphwando anakhala kutsogolo, anthu akuvina, iye maso ali pansi.

Inu amene mwamva izi, mabuku aja alipo, ndipo amabwereketsa kwa aliyense wolowa pakhomo paja. Koma buku lilibe miyendo yoti n'kuima pakati pa khamu, lilibenso pakamwa poyankhira mnansi wanu. Chimene mwawerenga chokhudza wodwala wa m'nyumba mwanu si chanu nokha, ndi chake. Muchinene anthu akadali ofunsa, manja awo asanatole kanthu.