Kamfuti Kamaluwa ndi Katundu Wake

Chikakuda ankasonkhanitsa timfuti takale tolowa m'thumba. Kapamtima pake kanali kozokotedwa maluwa kufakitale, kamene anasiya malemu amalume ake.

Tsiku lina bwana Ndomondo, mwini esiteti yomwe Chikakuda ankagwirako ntchito, anafika ndi akazi awo. Bwanawo anakatembenuzatembenuza kamfutiko m'manja.

"Aka ndatenga. Ukakana, ntchito yatha."

"Tengani bwana, mwatipepukitsa," anatero Chikakuda, nkhope ili gwa. Kenako anakuwira kuseri: "ANangondo! Uja wapezeka!"

Panatulukira nkhalamba ya ndodo, phukusi lili kale pamutu.

"Awa ndi akazi a malemuwo. Ine kamfutika ndimangosunga. Kwathu wotenga mfuti ya malemu ndiye walowa chokolo. Fodya amakonda wamphuno, ndipo sagona okha, amamva mphepo."

ANangondo anawayang'ana bwanawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ngonenepa bwino. M'galimotomo ndikhala kutsogolo."

Mayi Ndomondo anangotsokomola kamodzi. Bwanawo anabweza kamfutiko patebulo mwaulemu, ndi manja awiri, galimoto n'kuliza.

ANangondo anatula phukusi mokwiya. "Iwe Chikakuda, pakamwa pako mpothamanga. Wotsatirayo udzamuuze ine nditakwera kale."